Kulowa m'koleji n'kosavuta, nkhani ili pa kumaliza: mmene America ikusinthira maphunziro okonzekeretsa

M'dziko la United States muli makoleji a boma oposa 900 otchedwa community college, amene amaphunzitsa makamaka maphunziro a zaka ziwiri ndipo amalandira pafupifupi aliyense wokhala ndi satifiketi ya kusekondale, kaya adakhoza bwino kaya adakhoza movutikira. Kwa munthu wozolowera mmene zinthu zilili ku Malawi, kumene malo a m'mayunivesite a boma ndi ochepa ndipo amalimbiranidwa potengera mapointi a MSCE, zingaoneke ngati nkhani ya mwayi wa maphunziro apamwamba idatha kalekale kumeneko. Koma kwa zaka zambiri, kulembetsa dzina m'kaundula wa koleji ndi kuyamba maphunziro enieni a pakoleji zidali zinthu ziwiri zosiyana, chifukwa wophunzira watsopano ankayamba walemba mayeso a masamu ndi Chingerezi, ndipo akapanda kufika pa malikisi oikidwa ankatumizidwa ku maphunziro okonzekeretsa, amene kumeneko amawatchula kuti remedial kapena developmental education. Awa ndi makosi obwereza zimene zimaphunzitsidwa kusekondale, mwinanso za kupulayimale, ndipo wophunzira amawalipirira fizi ndi kuwathera nthawi mofanana ndi makosi ena onse, koma sapereka makirediti, omwe ndi muyeso wa ntchito imene wophunzira wamaliza ndipo amasonkhanitsidwa kosi ndi kosi mpaka atakwana chiwerengero chofunika pa digiri, chimene pa digiri ya zaka ziwiri kawirikawiri chimakhala 60.

Anthu olowa m'makosi amenewa sadali ochepa. Nthambi ya boma yosonkhanitsa ziwerengero za maphunziro, ya National Center for Education Statistics, idatsata ophunzira amene adayamba koleji m'chaka cha maphunziro cha 2003 mpaka 2004, ndipo idapeza kuti pofika 2009, ophunzira 68 pa 100 alionse a m'makoleji a boma a zaka ziwiri adali atachitako kosi yokonzekeretsa, pamene m'mayunivesite a boma a zaka zinayi adali 40 pa 100 alionse. Akatswiri a zachuma pa yunivesite ya Columbia adayerekezera kuti dziko lonse linkawononga pafupifupi madola 7 biliyoni pachaka pa maphunzirowa. Ambiri mwa otumizidwa kumeneko adali ana a m'mabanja osauka, anthu akuda, anthu a m'mabanja ochokera ku Latin America, ndiponso anthu aakulu obwerera kusukulu patapita zaka, amene makoleji a zaka ziwiri ndiwo khomo lawo lokhalo lolowera ku maphunziro apamwamba.

Maphunziro okonzekeretsa ndi akale ndithu, pakuti yunivesite ya Wisconsin idali kale ndi nthambi yokonzekeretsa ophunzira m'chaka cha 1849, koma adakula kwambiri pamene makoleji adatsegulira zitseko anthu wamba nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Yunivesite ya mzinda wa New York, yodziwika ndi dzina lachidule la CUNY, idayamba mu 1970 kulandira aliyense womaliza sekondale mumzindawo, ndipo aphunzitsi monga Mina Shaughnessy, amene buku lake la 1977 lotchedwa Errors and Expectations lidasonyeza kuti zolakwa za olemba ongoyamba kumene zimatsata dongosolo lomveka ndipo zimatheka kukonzedwa, adadzipereka kuti ophunzira atsopanowo asalowe m'kalasi n'kungosiyidwa. Cholinga cha maphunziro okonzekeretsa tsono chidali chachifundo, ndipo maganizo ake ankamveka anzeru kwa aliyense: munthu amene sadziwa kuphatikiza manambala osweka ayambe waphunzira zimenezo asanakumane ndi masamu a pakoleji. Chimene chidachedwa kufunsidwa, ndipo kuchedwa kwake kudapweteka anthu ambiri, n'chakuti mwa ophunzira onse olowa m'njira imeneyi, ndi angati amene ankatulukira mbali inayo.

Njira yaitali ndi anthu otayika panjira

Yankho lodziwika kwambiri lidachokera ku Community College Research Center, malo ochitira kafukufuku a pa Teachers College ya yunivesite ya Columbia, pamene Thomas Bailey, Dong Wook Jeong ndi Sung-Woo Cho adafalitsa mu 2010 zotsatira za kutsata ophunzira oposa 250,000 a m'makoleji 57. Ophunzira 59 pa 100 alionse adatumizidwa ku masamu okonzekeretsa ndipo 33 pa 100 alionse ku makosi ophunzitsa kuwerenga. Patatha zaka zitatu, mwa otumizidwa ku masamu, mmodzi yekha mwa atatu ndiye adamaliza makosi onse amene adauzidwa kuchita, ndipo 20 okha pa 100 alionse ndiwo adakhoza kosi yoyamba ya masamu yopereka makirediti. Koma mfundo imene idadabwitsa ambiri idali yakuti ochuluka mwa osamalizawo sadalephere mayeso aliwonse: ena sadalembetse n'komwe kosi yoyamba yokonzekeretsa atamva kuti ndiko ayambire, ndipo ena adakhoza kosi imodzi koma sadabwerenso teremu yotsatira kudzachita inzake. Panalinso kagulu ka ophunzira amene adanyalanyaza malangizo n'kulowa mwachindunji m'kosi ya pakoleji, ndipo mwa iwo pafupifupi 72 pa 100 alionse adakhoza, poyerekeza ndi 27 pa 100 alionse mwa amene adamvera. N'zoona kuti olimba mtima oterowo mwina adali okonzeka kuposa anzawo, koma kusiyanako kudali kwakukulu moti sikukadangotayidwa kumbali.

Chifukwa chake chimaoneka bwino munthu akachita masamu osavuta. Wophunzira woikidwa makosi atatu pansi pa masamu a pakoleji ayenera kulembetsa kosi yoyamba, kuikhoza, kulembetsa yachiwiri, kuikhoza, kulembetsa yachitatu, kuikhoza, kenaka kulembetsa kosi ya pakoleji ndi kuikhoza, ndiye kuti pali malo asanu ndi atatu amene angatsalire. Ngati, mongoyerekezera, anthu 80 pa 100 alionse apyola pamalo aliwonse, chimene mphunzitsi aliyense angachione ngati chipambano, ofika kumapeto amakhala pafupifupi 17 okha mwa 100 amene adayamba. Mphunzitsi wa kosi iliyonse amaona kalasi yake ikukhoza bwino ndipo sapeza chifukwa chodandaulira, pomwe dongosolo lonse likutaya anthu ngati mtsuko wong'aluka umene watungidwira kudambo lakutali, woti madzi amadontha pang'onopang'ono njira yonse ndipo kunyumba kumafika ochepa. Kuphunzitsa bwino m'kosi iliyonse kumachepetsa kutayikako koma sikukuthetsa, chifukwa vuto lili m'kutalika kwa njira.

Ophunzira a m'makoleji amenewa alinso ndi zifukwa zomveka zotsalira pakati pa teremu ndi teremu. Ambiri amagwira ntchito pamene akuphunzira, ambiri ali ndi ana, ndipo kusintha kwa maola a ntchito, matenda a mwana kapena kuwonongeka kwa galimoto kungathetse ulendo wonse wa sukulu. Thandizo la ndalama la boma lotchedwa Pell Grant, limene limaperekedwa kwa ophunzira osauka ndipo silibwezedwa, lili ndi malire a materemu 12 pa moyo wa munthu kuyambira mu 2012, choncho teremu iliyonse yothera pa makosi opanda makirediti imadya gawo la thandizo limene likadamufikitsa ku digiri. Pamwamba pa zimenezi pali manyazi a munthu amene wauza abale ake kuti wayamba koleji, koma tsiku loyamba akuuzidwa kuti sakuyenera ndipo akubwezedwa ku ntchito imene adaisiya ali ndi zaka 14.

Mayeso olekanitsira ophunzira nawo adapezeka kuti ndi sikelo yosadalirika. Makoleji ambiri ankagwiritsa ntchito mayeso awiri a pakompyuta, ACCUPLACER a bungwe la College Board ndi COMPASS a bungwe la ACT, amene wophunzira ankalemba nthawi zambiri pa tsiku lolembetsa, osakonzekera ndiponso osadziwa kuti zotsatira zake zingamuwonjezere chaka chathunthu cha sukulu. Ofufuza adayerekeza ophunzira amene adapyola malikisi oikidwa mwapang'ono ndi amene adaperewera mwapang'ono, poganiza kuti magulu awiriwa ndi ofanana pa nzeru ndipo akusiyana kokha pa kumene atumizidwa. Ku Texas ndi ku Florida njira imeneyi idasonyeza kuti maphunziro okonzekeretsa sadawonjezere mwayi womaliza digiri. Mu 2012 Judith Scott-Clayton wa ku Columbia adayerekezera kuti pafupifupi wophunzira mmodzi mwa anayi pa masamu, ndi mmodzi mwa atatu pa Chingerezi, ankaikidwa pamalo olakwika kwambiri, ndipo kulakwitsa kochuluka kudali kotsitsa munthu amene akadatha kukhoza bwino kosi ya pakoleji. Kulakwitsa kotereku n'kovuta kukuona, chifukwa wophunzira wokwezedwa molakwika amalephera pamaso pa mphunzitsi ndipo aliyense amadziwa, pamene wotsitsidwa molakwika amakhoza mosavuta kosi imene sankaifunikira kapena amangosowa mwakachetechete, ndipo palibe amene amamuwerengera ngati wolakwiridwa. Magiredi a zaka zinayi za kusekondale adapezeka kuti amalosera bwino kuposa mayeso a tsiku limodzi, popeza amasonyezanso khama, kusajomba ndi kumaliza ntchito. Bungwe la ACT lidasiya mayeso a COMPASS kumapeto kwa 2016, ndipo kafukufuku wa m'makoleji asanu ndi awiri a chigawo cha New York, wokhudza ophunzira pafupifupi 13,000, adasonyeza kuti amene adakwezedwa chifukwa chophatikiza magiredi a kusekondale ndi zizindikiro zina adachita bwino kuposa anzawo ofanana nawo amene adatsalira m'makosi okonzekeretsa.

Thandizo lobwera limodzi ndi kosi

Njira imene idadzalowa m'malo mwa yakaleyo idayambira kwa mphunzitsi wa kalembedwe, Peter Adams, wa pa Community College of Baltimore County m'chigawo cha Maryland, amene atatsata ophunzira a m'makosi okonzekeretsa a pakoleji yake adapeza kuti pafupifupi mmodzi yekha mwa atatu ndiye ankafika pokhoza kosi yoyamba ya Chingerezi ya pakoleji. Mu 2007 iye ndi anzake adayambitsa Accelerated Learning Program, mmene ophunzira asanu ndi atatu oyenera kukonzekeretsedwa ankalowa m'kosi ya pakoleji pamodzi ndi ophunzira 12 oonedwa kuti ndi okonzeka, ndipo kalasiyo ikatha, asanu ndi atatu aja ankakumananso ndi mphunzitsi yemweyo kwa ola lina, kukambirana ntchito ya tsikulo, kukonza zolemba zawo ndiponso kufotokoza zovuta za kunja kwa kalasi zimene zingawasiyitse sukulu. Dongosolo lotere limatchedwa corequisite, kutanthauza kuti thandizo limaperekedwa nthawi imodzi ndi kosi yopereka makirediti, mosiyana ndi lakale limene linkaika thandizo patsogolo ngati chinthu choyamba kuchipyola. Ofufuza a ku Columbia ataunika adapeza kuti pafupifupi 75 pa 100 alionse a m'dongosolo latsopanoli adakhoza kosi ya pakoleji, pamene a m'njira yakale adali osakwana 40 pa 100 alionse.

Ubwino wake sudali kufupikitsa njira kokha. Wophunzira amene akuphunzira kaikidwe ka zizindikiro za m'kalembedwe chifukwa chimangirizo chake chikufunika mawa amamva phindu la phunzirolo mosiyana ndi amene akudzaza mapepala a zoyeserera zopanda kumene zikupita, ndipo kukhala m'kalasi imodzi ndi anzake amphamvu kumamuonetsa mulingo umene ukufunika.

Maganizowa adafalikira mofulumira pamene bungwe la Complete College America lidatulutsa lipoti lodzudzula maphunziro okonzekeretsa mu 2012 n'kuyamba kukopa atsogoleri a zigawo. Chigawo cha Tennessee chidakhala choyamba kusintha makoleji ake onse 13 a zaka ziwiri nthawi imodzi, mu 2015, ndipo malipoti a bungwe loyang'anira makolejiwo adasonyeza kuti mwa ophunzira ofunika thandizo pa masamu, okhoza kosi yopereka makirediti m'chaka choyamba adachoka pa 12 kufika pafupifupi 55 pa 100 alionse, ndipo pa kalembedwe adachoka pa 31 kufika pafupifupi 62.

Ziwerengero za masamuzi zili ndi nkhani ina mkati mwake, imene ndi funso lakuti masamu ofunika kwa wophunzira wa pakoleji ndi ati. Kwa nthawi yaitali njira yokonzekeretsa inkalunjika ku aljebra, amene ndi maziko a calculus, masamu ofunika kwa mainjiniya ndi asayansi, ngakhale kuti wophunzira unamwino, upolisi, ntchito zothandiza anthu kapena mbiri yakale amafunika kwambiri masamu a ziwerengero, otchedwa statistics, ophunzitsa kusonkhanitsa ziwerengero, kuzimasulira ndi kuzindikira pamene zikunamiza. Bungwe la Carnegie Foundation ndi Charles A. Dana Center ya pa yunivesite ya Texas ku Austin adakonza njira za masamu zogwirizana ndi ntchito imene wophunzira akufuna. Umboni wolimba udachokera ku CUNY, kumene mu 2013 Alexandra Logue, Mari Watanabe-Rose ndi Daniel Douglas adagawa mwa maere ophunzira 907 oyenera kuchita aljebra wokonzekeretsa, kuti kusiyana kwa zotsatira kusachokere pa kusankha kwa ophunzirawo kapena kwa aphunzitsi. Gulu loyamba lidachita aljebra wa masiku onse ndipo 39 pa 100 alionse adakhoza; lachiwiri lidachita aljebra yemweyo ndi makalasi othandizira a sabata iliyonse ndipo adakhoza 45; lachitatu lidalowa mwachindunji m'masamu a ziwerengero a pakoleji ndi makalasi othandizira, ndipo adakhoza 56. Patatha zaka zitatu, 25 pa 100 alionse a gulu lachitatu adali atalandira digiri, poyerekeza ndi 17 a gulu loyamba. CUNY idathetseratu makosi okonzekeretsa achikale mu 2022.

Nyumba za malamulo za zigawo zidalowererapo, iliyonse mwa njira yake. Florida idakhazikitsa lamulo la SB 1720 mu 2013, lopatsa omaliza sekondale za boma m'chigawomo m'zaka zaposachedwa, pamodzi ndi asilikali amene ali pantchito, ufulu wokana mayeso olekanitsa ndi makosi okonzekeretsa. Texas, ndi lamulo la HB 2223 la 2017, idalamula kuti pofika 2020 ophunzira 75 pa 100 alionse ofunika thandizo akhale m'dongosolo la corequisite. California, yomwe ili ndi makoleji a zaka ziwiri oposa 110, ndiyo idapita patali: lamulo la AB 705, limene adalibweretsa phungu Jacqui Irwin ndipo bwanamkubwa Jerry Brown adalisainira mu 2017, lidalamula makoleji kugwiritsa ntchito magiredi a kusekondale ndipo lidaletsa kutumiza wophunzira ku kosi yokonzekeretsa pokhapokha pali umboni woti mwayi wake wokhoza kosi ya pakoleji ndi wochepa kwambiri. Apa mtolo wa umboni udachoka pa wophunzira, amene kale ankayenera kusonyeza kuti ndi woyenera, n'kupita pa koleji, imene tsopano iyenera kusonyeza chifukwa chomubwezera m'mbuyo. Malinga ndi bungwe lofufuza la Public Policy Institute of California, pakati pa 2015 ndi 2019 ophunzira atsopano omaliza m'teremu imodzi kosi ya Chingerezi yovomerezeka ku yunivesite adachoka pa 27 kufika pa 61 pa 100 alionse, ndipo pa masamu adachoka pa 14 kufika pa 40. Lamulo lina, AB 1705 la 2022, lidatsekanso mipata imene makoleji ena ankapitirizira nayo makosi akale.

Zimene otsutsa akunena, ndi zimene ziwerengero sizinathetse

Aphunzitsi ambiri, makamaka a masamu, sadakondwere ndi malamulowa, ndipo ku California bungwe loimira aphunzitsi a m'makoleji a zaka ziwiri lidatsutsa poyera lamulo la 2022. Iwo amati m'kalasi ya pakoleji tsopano mumakhala ophunzira osiyana kwambiri pa zimene akudziwa, ndipo chiwerengero cha olephera m'kalasimo chakwera. Nthawi zambiri zimenezi n'zoona, ndipo zidaonekanso ku Florida, koma mkanganowu umasokonekera chifukwa mbali ziwirizi zikuwerenga zinthu zosiyana. Mphunzitsi amawerenga okhoza mwa amene akhala pamaso pake, pamene wofufuza amawerenga okhoza mwa onse amene adalowa pachipata cha koleji. Kalasi ya anthu 30 mmene akhoza 24 imaoneka yabwino kuposa ya anthu 90 mmene akhoza 55, koma yachiwiriyo yatulutsa okhoza oposa kawiri, ndipo anthu 60 owonjezerawo kale analipo, kungoti ankatayikira m'makosi a pansi kumene mphunzitsi wa kosi ya pakoleji sankawaona. Pa mfundo imeneyi osintha dongosolo ali ndi umboni wokwanira, ndipo kubwerera ku njira yakale kungakhale kubisa kulephera m'malo mokuchepetsa.

Komabe pali mbali zina zimene otsutsa ayenera kumvedwa mwachidwi. Kafukufuku wambiri wotsutsa maphunziro okonzekeretsa adayang'ana ophunzira oyandikira malikisi opyolera, ndipo Angela Boatman ndi Bridget Terry Long, pogwiritsa ntchito ziwerengero za ku Tennessee za nthawi ya dongosolo lakale, adapeza kuti ophunzira ofooka kwambiri pa kuwerenga ndi kulemba nthawi zina ankapindula ndi makosi okonzekeretsa. Munthu wa zaka 40 amene adasiya sukulu kalekale, kapena wobwera m'dzikomo amene akuphunzira kumene Chingerezi, angafune yekha teremu yodzikumbutsira, ndipo lamulo limene lamulanda mwayi umenewo m'dzina lomuthandiza liyenera kufunsidwa mafunso. Wofuna uinjiniya sangathawe aljebra, chifukwa calculus samangika popanda maziko amenewo. Ku California, ngakhale magulu onse adakwera, ophunzira akuda ndi a m'mabanja ochokera ku Latin America adapitirizabe kumaliza makosiwa mocheperapo kusiyana ndi anzawo, ndipo pa masamu anthu 40 pa 100 alionse okhoza amasiya ambiri amene adayesa n'kulephera, tsopano ndi giredi yoipa yolembedwa m'mbiri yawo ya maphunziro, imene ingawatayitse thandizo la ndalama. Liwu lakuti corequisite nalonso limaphimba zinthu zosiyana kwambiri, kuyambira kalasi ya anthu ochepa yokhala ndi mphunzitsi wophunzitsidwa bwino monga ya ku Baltimore, mpaka ola limodzi pa sabata m'chipinda cha makompyuta, ndipo lamulo likhoza kuthetsa kosi m'tsiku limodzi koma silingapange mphunzitsi waluso m'tsiku limodzi, makamaka m'makoleji amene amadalira aphunzitsi aganyu olipidwa pa kosi iliyonse.

Funso lalikulu kuposa onsewa n'lakuti kaya kukhoza kosi yoyamba kumafikitsa munthu ku digiri. Florence Ran ndi Yuxin Lin ataunikanso za ku Tennessee ndi njira yofananitsa ophunzira oyandikana malikisi, adapeza kuti dongosolo latsopano lidakweza okhoza kosi yoyamba m'chaka chimodzi ndi anthu 15 pa 100 alionse pa masamu ndi 13 pa Chingerezi, chimene ndi phindu lenileni koma locheperapo kuposa ziwerengero zoyamba zija, ndipo gawo lalikulu la phindu la masamu lidachokera pa kusamutsa ophunzira ku aljebra kupita ku masamu a ziwerengero. Sadapeze kusintha koonekera pa kupitiriza sukulu, kusamukira ku yunivesite kapena kulandira digiri m'zaka zitatu. Kafukufuku wa maere wa bungwe la RAND m'makoleji asanu a ku Texas adapeza zofanana: okhoza Chingerezi cha pakoleji adachuluka kwambiri, koma opitiriza sukulu sadachuluke. Kupatula zotsatira zolimbikitsa za ku CUNY zija, umboni ukusonyeza kuti kuchotsa chotchinga choyamba kumathandiza pa chotchingacho, ndipo lendi, ntchito, ana ndi kusowa womulangiza zimamudikirabe wophunzirayo m'teremu yachiwiri. Atsogoleri amene adalengeza kusinthaku ngati mankhwala a vuto lonse la kusamaliza koleji adalonjeza zimene kosi imodzi mwa makosi pafupifupi 20 a digiri singakwaniritse.

N'chifukwa chake dongosolo lina la CUNY, lotchedwa ASAP, limene lidayamba mu 2007, liyenera kuwerengedwa pamodzi ndi nkhani yonseyi. Pa nthawi imene dongosololi lidafufuzidwa, wophunzira wolowa mu ASAP ankalonjeza kuphunzira nthawi yonse m'malo mochita makosi ochepa, ndipo koleji inkamulipirira fizi yotsala thandizo la boma likaperewera, inkamupatsa mabuku ndi khadi lokwerera basi ndi sitima za mumzinda kwaulere, komanso mlangizi amene ankakumana naye kawiri pamwezi ndipo ankayang'anira ophunzira 60 mpaka 80, pamene mlangizi wamba m'makoleji omwewo ankakhala ndi mazanamazana. Bungwe lofufuza la MDRC lidagawa mwa maere ophunzira pafupifupi 900 osauka amene ankafunika kosi imodzi kapena ziwiri zokonzekeretsa, ndipo lidalengeza mu 2015 kuti patatha zaka zitatu, 40 pa 100 alionse a mu ASAP adalandira digiri poyerekeza ndi 22 a gulu linalo. Chochititsa chidwi n'chakuti ophunzira amenewa adachitabe makosi okonzekeretsa achikale, kungoti adalimbikitsidwa kuwamaliza msanga ndipo panali munthu wowatsatira akajomba. Malo otsalira aja analipobe onse, koma ophunzira ochepa ndiwo adatsalirapo. Zimenezi sizikuyeretsa njira yakale, popeza palibe chifukwa chosungira makosi amene ambiri sawafunikira, koma zikusonyeza kuti chimene chimasunga munthu pasukulu n'chokulirapo kuposa ndandanda ya makosi.

Kusiyana kwa njira ziwirizi kuli pa ndalama. Kuthetsa makosi okonzekeretsa sikufuna ndalama zambiri ndipo kumachepetsa zimene boma limawononga pa wophunzira aliyense wokhoza kosi yoyamba, n'chifukwa chake aphungu a zipani zonse ziwiri zazikulu za m'dzikomo adakuvomereza mosavuta. ASAP inkadya ndalama zoposa za masiku onse ndi pafupifupi 60 pa 100 pa wophunzira aliyense, ngakhale kuti mtengo wa digiri iliyonse udatsika chifukwa omaliza adachuluka. Makoleji atatu a ku Ohio adayesa dongosolo lomweli ndi ndalama zocheperapo, ndipo omaliza m'zaka zitatu adafika 35 pa 100 alionse poyerekeza ndi 19, zimene zidatsimikiza kuti chipambanocho sichidali cha mzinda wa New York wokha. Nthawi ya kafukufuku itatha, mwa makoleji atatuwo ndi Lorain County Community College imene idapitiriza dongosololi n'kulikulitsa.